Chiganizo Chimene Madamu Soko Ankadumpha

Mukapita pamsika wa Kapata, mu Chipata muno, n'kutchula dzina la Madamu Soko, muona amuna a ndevu zawo akuwongola msana ngati belu lalira. Wogulitsa nsapato za salaula, zovalidwapo kale zija, anadutsa m'manja mwawo, wopalasa njinga ya hayala chimodzimodzi, ngakhale namwino uja wa pachipatala amene amakalipira anthu pamzera. Amakumbukira ambulera yakuda imene sinkasiyidwa kunyumba kaya kuli mvula kaya kulibe, ndi diso lija limene linkapeza wobwebweta ali kumbuyo kwenikweni kwa kalasi. Kusukulu anali Madamu Soko. Kunyumba, kutchalitchi ndi kumpopi anali amake Precious, ndipo pa maina awiriwa, lachiwirili ndi limene ankalisunga ngati dzira.

Dzina lawo lobatizidwa nalo ndi Martha. Bambo awo anali mphunzitsi wa sukulu za mishoni, munthu wovala tayi ngakhale popita kukaona mbuzi. M'nyumba mwawo mwana akalakwa ankadzudzulidwa m'Chingerezi, iye n'kupepesa m'Chinyanja. A Martha anatengera zonse, tayi yokha ndiye anaisiya. Anaphunzitsa Chingerezi m'kalasi lomaliza la pulayimale kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zitatuluka, ndipo panalibe cholakwa chimene ankachilola kudutsa. Ankakonza ana, ankakonza aphunzitsi anzawo, tsiku lina anakonza ngakhale abusa pakhomo la tchalitchi, anthu akumva.

Phunziro limene ankalidziwa ngati njira ya kumunda linali la kamawu kakuti who. Ankauza ana kuti kamawuka ndi chingwe. Mbali imodzi mumamangako munthu, mbali inayo mumamangako zimene mukufuna kunena za iye, basi munthuyo wadziwika, monga mbuzi imadziwika ndi chikhomo chimene aimangirirapo. M'buku la kalasilo munali tsamba la anthu amene sangathe kuchita kanthu kena. Madamu ankaima kutsogolo, choko m'manja, n'kuyamba: "A person who cannot see is..." Ana onse n'kuyankhira pamodzi ngati achule a m'dambo. Ankapitiriza choncho, munthu amene sangathe kumva, amene sangathe kulankhula, amene sangathe kuwerenga, ndipo aliyense wa anthuwa Chingerezi chinamusungira liwu limodzi lomutchulira. Chimene Madamu sankalola n'kuloza munthu weniweni. Mwana wina atapereka chitsanzo cha agogo ake osaona, khutu lake linatentha mpaka poweruka. Madamu anati chiganizo ndi chiganizo, agogo ako ndi agogo ako, ndipo amatha zambiri zimene iwe sutha.

Koma pansi penipeni pa tsambalo panali chiganizo chimodzi chimene ana a Madamu Soko sanachimvepo chikutuluka pakamwa pawo. Chinali cha mkazi amene sangathe kubereka mwana. Chaka chilichonse akafika pamenepo pankapezeka chifukwa. Choko chatha, kapena nthawi yatha tsekani mabuku, kapena wina wakhosomola mwachipongwe ndipo m'pofunika kumulangiza za ulemu mpaka belu lilire. Chaka china kamtsikana kochenjera kanakweza mkono n'kufunsa za chomalizacho. Madamu anakayang'ana pamwamba pa magalasi, n'kunena kuti zimenezo akaphunzira ku sekondale. Ngati alipo ana a ku Kapata amene analakwa funso limenelo pamayeso, mlandu si wawo.

Chifukwa chake sichovuta kuchimva. A Martha anakwatiwa ndi a Enoch Soko, kalaliki wa pakampani yogula thonje, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Anayamba banja kusukulu ina ya kutali, cha kumalire a Mozambique. Chaka chinatha, china n'kutha, anzawo amene anakwatiwa nawo pamodzi akubereka wachiwiri, wachitatu, iwo msana uli mbee. Alamu awo aakazi anayamba kubwera kudzacheza kawirikawiri, maso ali pamimba, pochoka n'kumunong'oneza mlongo wawo kuti mkazi sasowa. Tisanamizire Chingerezi kuti ndicho chokha chimamangirira anthu pachikhomo. Chathuchi chilinso ndi mawu ake akuthwa, ndipo a Martha anawamva onse kuchitsime: wouma, chumba, wodya za ana a eni. Anapita kuchipatala, anasala kudya, anapempheredwa. Tsiku lina, mwana wa mphunzitsi wa mishoni ameneyu anadzifunda chitenje kumutu n'kukagwada kwa sing'anga, namwa mizu yowawa imene inangowatsegula m'mimba. A Enoch sanawasiye. Kaya chinali chikondi kaya kuopa kudulidwa mumpingo, a Martha sanafunse, ndipo ndi nzeru kusafunsa zina.

Kenaka panachitika zimene palibe anazipempha. Mng'ono wawo Edita, mtsikana woseka ndi thupi lonse, anatenga pakati pa dalaivala wa malole amene anawoloka malire pa Mwami n'kuiwala njira yobwerera. Nthawi yake itakwana, a Martha ndi amene anamuperekeza kuchipatala. Mwana anabadwa wamoyo, wamkazi, koma magazi a Edita sanaleke. Anamwalira tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, atagwira dzanja la mkulu wake. A Martha anabwerera kwawo ndi khanda lokulungidwa m'nsalu ya mayi ake, analitcha Precious, n'kulilera ndi mkaka wa m'chitini ndi kasupuni. Chaka chomwecho boma linawasamutsira ku Chipata.

Anafika ku Kapata pa lole, mipando ndi mapoto zili pamwamba, mwana ali kumsana. Mayi wa nyumba yoyandikana anabwera kudzathandiza kutsitsa katundu, anasuzumira kamwanako, anafunsa dzina lake, kenaka anawomba m'manja n'kunena kuti takulandirani, amake Precious. A Martha anatsegula pakamwa kuti akonze, monga ankakonzera chilichonse. Dzinalo linawalowa mumtima ngati madzi ozizira m'mwezi wa Okutobala, ndipo anangoyankha kuti zikomo.

Wina anganene kuti limenelo silinali bodza, ndipo sanganame. Kwathu kuno mkulu wa mayi ako ndi mayi ako, palibe amafunsa kawiri. Koma a Martha ankadziwa zimene anthu a ku Kapata ankaganiza, ndipo anawasiya aziganiza. Amayi a chigwirizano akayamba nkhani za matenda a pobereka, wina kunena kuti iye anagona masiku awiri akubuula, wina kuti wake anabadwira panjira, amake Precious ankapezeka atatanganidwa ndi makapu a tiyi. Anthu ankati ndi ulemu wa uphunzitsi, sakonda nkhani zotere. Precious yekha ndiye amene a Martha anamuuza zoona atatha msinkhu. Anamukhazika pampando, anamuonetsa nsalu ija, anafotokoza zonse mwadongosolo ngati phunziro. Mtsikanayo anamvetsera, analira pang'ono, kenaka anati, "Ndamva, amama," n'kupita kukamaliza kutsuka mbale. Sanasinthe kaitanidwe ngakhale tsiku limodzi. A Enoch atamwalira, achibale odziwa nkhaniyi ali kutali ndipo ambiri atatsikira kuli chete, mu Chipata monse odziwa anatsala awiri okha.

Precious anakula, anaphunzira zosoka, n'kukondana ndi mnyamata wa ku Kasenengwa dzina lake Mwayi, mlimi wa mtedza ndi thonje. Madamu sanasangalale. Mnyamatayo anali Mkatolika, ndipo Chingerezi chake chinali chothyoka miyendo yonse. Koma anali waulemu, wa manja olimba, ndipo mphepo itasasula denga la khitchini anabwera yekha ndi misomali osaitanidwa. Madamu anagonja, ukwati unachitika, Precious anapita kukakhala kumudzi kwa mwamuna wake. Amayi a Mwayi, a Magalita, ankawalemekeza a Martha mopitirira muyeso. Ankawatcha asebele, monga amatchulirana makolo a anthu okwatirana, ndipo ankanyadira pamudzi ponse kuti mpongozi wawo anabadwa kwa aphunzitsi.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, anthu atakolola, foni inalira. Anali a Magalita, akufuula monga amachitira anthu amene sakhulupirira kuti kachinthu kakang'ono kangafikitse mawu kutali. Anati mwana wathu ali ndi pakati, mimba yaonekera, tsono amayi a pamudzi akonza za chisamba Loweruka likudzali, ndipo mayi wake wa mwana asasowe. A Martha anakondwa mpaka anakhala pansi. Chimwemwecho chisanathe, mantha analowa.

Chisamba ndi chilangizo cha mtsikana amene ali ndi pakati poyamba. Amayi amamulowetsa m'nyumba, amatseka chitseko, n'kumuuza za kudzisunga, za tsiku lobereka ndi za kusamala khanda. Lamulo lake ndi limodzi ndipo aliyense amalidziwa: amalowa ndi amene anaberekapo okha. Kumudzi kwa a Magalita ankanena motsindika kuti akalowamo mkazi wosabereka, njira ya mwana imatsekeka ndipo tsiku lobadwa limakhala la misozi. A Martha anadziuza kuti zimenezo n'zikhulupiriro chabe. Iwo anali munthu wa Baibulo ndi mabuku, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti chimene chinapha Edita ndi magazi, osati phazi la munthu pakhomo. Anadziuza zimenezi posesa, pophika, pochapa, ndipo kudziuza kambirimbiri kumeneku ndiko kunasonyeza kuti mtima sunamve.

Anamuimbira Precious. Atafunsana za moyo, anazungulira nkhani ngati mphaka pamoto, mpaka mtsikanayo anawadula.

"Amama, bwerani chabe mulowe. Adziwa ndani? Ine nichita mantha kukhala m'menemo ndi anthu achilendo okhaokha."

A Martha anavomera. Anagula chitenje chatsopano cha maluwa obiriwira, chifukwa anauzidwa kuti kumudziko mtsikana akatuluka m'chilangizo, mayi wake ndiye amayamba kumuveka nsalu pabwalo anthu onse akuona. Loweruka m'mawa anakwera minibasi, anatsika pamphambano, n'kukwera njinga yamoto imene inawagwedeza mafupa onse, ambulera ili m'khwapa. Minda inali mapesi okhaokha, fumbi lofiira likuuluka, ndipo pakhomo lililonse panali mtedza woyanikidwa. Njira yonse ankabwereza mumtima kuti palibe chimene anganame, angolowa basi.

A Magalita anawalandira ndi nthungululu, anawalanda chikwama, anawapatsa mpando wokhawo wa pakhomopo. Amuna anali atathamangitsidwa kale, Mwayi ndi bambo ake apita kudimba. Amayi ankafika awiriawiri, atamanga zitenje zolimba m'chiuno. Woyendetsa mwambo anali namkungwi wa pamudzipo, a Yosefina, mayi wamfupi wonenepa, wa mawu okhoza kudzutsa mudzi woyandikana nawo. Masiku ena onse a Yosefina ndi wogulitsa tomato pamsewu ndipo amakangana ndi aliyense, koma tsiku la chilangizo ngakhale akazi a akatekisiti amawamvera. Anaima pakhomo la nyumba, foni ili m'kamisolo, n'kuyamba kupeta anthu ngati mpunga. Atsikana amene ankazemberera kumbuyo kwa amayi awo anawathamangitsira kunkhokwe kuti akaswe mtedza. Mkazi wina wongokwatiwa kumene, amene ankati alowe poti ndi mnzake wa Precious, anabwezedwa ndi mawu oti apite akayambe wagwira ntchito ndi mwamuna wake, anthu n'kufa nacho chiseko. Aliyense wofika pakhomo ankafunsidwa mwanthabwala kuti ali ndi angati, wina n'kudzimenya pamimba, wina n'kutchula maina mpaka kuiwala wotsiriza.

A Martha okha ndi amene sanafunsidwe. A Yosefina atawaona anapatuka pakhomo, anagwada pang'ono n'kunena kuti amake mwana alowe akakhale patsogolo. Ndiye kuti ngakhale bodza silinafunike. Chofunika chinali kungokhala chete, ntchito imene anaizolowera kwa moyo wonse wa Precious.

Anavula nsapato, anaziika pambali bwinobwino, anaponda pakhonde. M'nyumbamo munali kamdima, mukununkha utsi ndi sopo. Maso atazolowera anamuona Precious atakhala pamphasa pakati, miyendo atatambasula, mutu ataweramitsa, nsalu itamangidwa pachifuwa. Mapewa aja, khosi lija, ngakhale mmene anaikira manja pamimba, zonse zinali za Edita. A Martha anaima pomwepo. Anaganiza kuti zonse zikayenda bwino palibe adzadziwe kanthu. Koma zikavuta, tsiku lija likabwerera, adzakhala moyo wawo wonse akudzifunsa ngati silinali phazi lawo, ndipo palibe buku limene lidzawayankhe. Anaganizanso za Precious yemweyo. Lero akuti lowani, koma ululu ukadzafika pachimake, iye amene wakhala pakati pa amayi amenewa n'kumamva zonena zawo, kodi sadzakumbukira kuti m'chisamba chake munalowa munthu wosayenera? Mkazi wobereka ali ndi mantha okwanira kale, safunika kumuwonjezera ena. Chikhulupirirocho sanachivomereze, koma anapeza kuti sangathe kuchita mayeso pa mwana ameneyu. Anabweza phazi.

"Pepani, alangizi. Ine sindingalowe."

"Mwaiwala chiyani, asebele? Titume mwana akatenge," anatero a Magalita kumbuyo kwawo.

"Sindinaiwale kanthu." Mawu anatuluka omveka bwino, a m'kalasi, ofika mpaka kumbuyo. "Ine sindinaberekepo. Amene anabereka mwanayu ndi mng'ono wanga, ndipo anamwalira tsiku lomwelo. Ine ndinangolera."

A Magalita anagwira pakamwa. Kumbuyo wina ananong'ona liwu lija la kuchitsime, ndipo linamveka, chifukwa mawu otere sasowa njira. Precious anadzutsa mutu, chinthu chosaloledwa kwa wolangizidwa, n'kuitana amama. A Martha anamuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kumuuza kuti aweramitse mutu, amvere zonse zimene amayiwa amuuze, iwo ali panja pomwepa sapita kulikonse. A Yosefina anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, analowetsa amayi otsala, n'kutseka chitseko.

A Martha anavala nsapato zawo, anadutsa bwalo lonse msana uli chilili, n'kukakhala kunkhokwe pamodzi ndi atsikana othamangitsidwa aja. Atsikanawo anasendera, osadziwa poyang'ana. Mayi wa imvi, wa magalasi ndi wotchi, atakhala pagulu la osabereka. Anakoka lichero n'kuyamba kuswa mtedza, ndipo zala zawo zozolowera choko zinkachedwa kuposa za kamwana kakang'ono pagulupo.

M'nyumba muja nyimbo zinayamba, kuwomba m'manja, nthawi zina chiseko, nthawi zina mawu a Yosefina okha akukwera ndi kutsika. A Martha anamva manyazi, manyazi enieni otentha kumaso, ngati avulidwa pamsika. Anamvanso mkwiyo, ndipo ena mwa mkwiyowo unali wa kwa Mulungu, amene anapatsa Edita mimba yosaifuna n'kuwamana iwo amene anaipempha mogwada. Ankadziwa kuti nkhaniyi ikafika ku Kapata iwo asanafike, chifukwa nkhani yotere siyembekeza minibasi. Ankawaona kale amayi a chigwirizano akukumbutsana za makapu a tiyi aja. Ulemu wa kusukulu sunkawadetsa nkhawa, Madamu Soko adzakhalabe Madamu Soko mpaka kumanda. Chimene chinkawawawa ndi dzina linalo. Anthu sadzalilanda mwachipongwe, adzangoyamba kulizemba, lero mayi Soko, mawa aphunzitsi, ndipo tsiku lina mwana wobadwayo adzauzidwa kuti awa si agogo ako enieni. Analitaya okha dzinalo, ndi pakamwa pawo, popanda wowafunsa. Komabe pansi pa zonsezo panali kupepuka kwina kumene sanakuyembekezere, konga kwa munthu amene watula mtolo wa nkhuni n'kuzindikira kuti khosi linali litauma. Anapitiriza kuswa mtedza mpaka lichero linadzaza.

Dzuwa litapendeka chitseko chinatseguka. Amayi anatuluka akuimba, thukuta lili kamukamu, Precious ali pakati pawo atafundidwa. Anamukhazika pamphasa pabwalo. Anthu a pamudzi anayamba kusonkhana, amuna aja nawonso anatulukira kuchokera kudimba. A Martha sanasunthe. Kuchokera kunkhokweko anaona a Magalita akutulutsa chitenje cha maluwa obiriwira m'chikwama chija n'kuchitambasula okha. Sanawaimbe mlandu. Mwambo sungaime, ndipo popanda mayi wake, apongozi ndi amene ayenera kuimirira. Anaweramira lichero kuti asaone.

"Amake Precious!"

Anali a Yosefina, ndi mawu awo ogulitsira tomato. A Martha anaganiza kuti mayiyo waitana mwachizolowezi ndipo akumbukira posachedwa. Anaweramirabe lichero, mtedza uli m'manja.

"Amake Precious! Kodi aphunzitsi nawonso samva?"

Bwalo lonse linacheuka. A Yosefina anali atatenga chitenje chija m'manja mwa a Magalita, atachikweza m'mwamba. A Martha anaimirira, anasasa makoko pasiketi, anayenda mpaka pamphasa. Atafika pafupi analankhula motsitsa kuti ena asamve, ngakhale onse ankamvetsera.

"Alangizi, mwamva zimene ndanena paja."

"Tamva tonse, si ife ogontha. M'nyumba muja ni mwa obereka, ndipo mwachita bwino kusalowa. Pano ni pabwalo, pafunika amake mwana." A Yosefina anawaika chitenjecho m'manja. "Ine nalangiza atsikana ambiri. Mkazi wachabe akanalowa mwakachetechete kuti aoneko. Amene abwerera pakhomo poopera mwana, simufunsa kuti anabereka liti. Mangani nsalu, dzuwa lipita."

Si onse anakondwa, tinene zoona. Mayi uja wonong'ona anayang'ana kumbali, ndipo nthungululu ya a Magalita inachedwa pang'ono isanamveke, ngakhale itamveka inali yaitali. A Martha anagwada, mawondo akulira, anamuimiritsa Precious, anazunguliza chitenjecho pamwamba pa mimba. Mfundo yoyamba inamasuka. Misozi inali itadzaza magalasi, sankaona bwino nsonga za nsalu. Precious anagwira zala zawo n'kuzitsogolera.

"Mangitsani, amama, ingagwe," ananong'ona.

Amake Precious anamanganso kachiwiri, ndipo ulendo uno inagwira.